Timbalame ta Choso pa Nsalu za Yunike

Ukwati uliwonse umene unkachitika ku Iponga m'zaka zimenezo, pakati pa mphatso za mkwatibwi sipankalephera kupezeka kansalu kochokera m'manja mwa Yunike. Kena kankakhala ka pathebulo, kena kovundikirira jagi ya madzi, kena ka pilo. Nsalu yake sinali yapamwamba ayi, inali ya matumba a shuga amene ankawachapa ndi kuwayanika padzuwa mpaka zilembo zitafufutika. Chimene anthu ankakafunira chinali cha pakona: kambalame kakang'ono ka mlomo wautali wopindika, katakakamira pa duwa.

Yunike anabadwira ku Iponga komweko, kufupi ndi mtsinje wa Songwe, kumene nyumba zimabisala m'nthochi moti mlendo amazindikira kuti pali mudzi akamva ng'ombe kulira. Bambo ake anali mlimi wa mpunga, mayi ake anachokera ku mapiri a Misuku. Sukulu anailekera panjira atangodziwa kuwerenga buku la nyimbo. Singano anaiphunzira kwa amayi a Umanyano kutchalitchi, ndipo pamene anzake ankakopera maluwa a pa zitini za mabisiketi, iye anayamba kusoka zimene ankaziona kuseri kwa nyumba, timbalame tonyezimira timene tinkabwera kudzamwa timadzi ta m'maluwa a nthochi ndi a papaya.

Anakwatiwa ndi Ambokile, munthu wofatsa wa ng'ombe zolimira ndi ngolo. Mulungu anawapatsa ana aamuna, ndipo wamkazi anali mmodzi yekha, Dora. Ambokile sankaletsa mkazi wake kusoka, koma kumunyodola kokha sankaleka.

"Mbalame zonse zili m'dziko muno," ankatero m'Chinkhonde chawo, "nkhanga, abakha a m'dambo, iwe n'kukasankha kosakwana ngakhale kulawa."

Chaka cha 1974 boma linatumiza namwino watsopano ku kachipatala ka m'deralo. Dzina lake anali Thelma, wa ku Ntcheu, mayi wamtali, wosakwatiwa, wa mawu aakulu. Chinkhonde sankamva ngakhale moni, ndipo kutentha kwa ku Karonga kunamutulutsa zidzolo m'khosi monse. Amayi a m'midzi ankamuopa chifukwa ankalankhula mothamanga, akapanda kumva n'kubwereza mokweza. Madzulo akaweruka ankangodzitsekera m'kanyumba kake ka malata.

Tsiku lina Yunike anapita kumeneko ndi mwana wake wotsiriza amene anatentha thupi. Kumutu anali atamuphimba ndi kansalu koyera kuopa dzuwa. Namwino atamubaya mwanayo jakisoni, maso ake anatsalira pa kansaluko.

"Mayi, mwapeta ndinu?" anafunsa.

Chichewa cha Yunike chinali cha kumsika ndi cha pa wailesi, ndipo kupeta kumene ankakudziwa kunali kwa lichero. Anadziyang'ana m'zovala kuti mwina mwatsalira mankhusu.

"Eya, anesi, ndapeta mayiro. Koma mpunga wake ngochepa waka."

Thelma anaseka mpaka kugwira m'nthiti, moti amayi amene anali pamzere panja anasuzumira pakhomo, chifukwa chifikireni anali asanamumvepo akuseka.

"Sindikunena mpunga, mayi. Kusoka kotereku kwathu timati kupeta. Nanga kambalameka mukukadziwa? Ife timati choso. Kamabwera pa maluwa a muwale kumunda kwa bambo anga." Anakasisita ndi chala. "Chibwerereni kuno, ndi lero ndaona chinthu chimene ndikuchidziwa."

Lamulungu lotsatira, atatuluka m'tchalitchi, Yunike anakagogoda pa kanyumba ka malata kaja atanyamula kansengwa ka mpunga, chikho cha chambiko ndi kansalu kaja katachapidwa. Thelma analawa chambiko, nkhope n'kukwinyika ndi kuwawasa kwa mkakawo, koma anamaliza chikho chonse kuopa kukhumudwitsa mlendo. Ubwenzi wawo unayambira pamenepo. Yunike anamuphunzitsa kunena "ndagha" pothokoza, kuphika mbalagha ya nthochi ndi nyama, ndi kuyankhula ndi amayi oyembekezera mosawaopseza. Thelma anamuwongolera Chichewa, ndipo akapita kwawo kutchuthi ankabwerako ndi timitolo ta ulusi wa mitundumitundu wogula ku Limbe. Pasanapite nthawi analeka kuitanana kuti anesi ndi mayi, anayamba kunena kuti achemwali.

Masana a Lamulungu ankayala mkeka kuseri kwa nyumba ya Yunike, m'mthunzi wa nthochi, wina akusoka, wina akusenda chinangwa. M'kukhala komweko ndi mmene anazindikira kuti choso si mbalame imodzi. Panali kakuda bii, ka pachifuwa pofiira ngati kadzicheka ndi lezala, pamutu pobiriwira. Kameneko kanali kandewu, kakatera pa mtengo kankafuna maluwa onse akhale ake. Panali kena kakang'onong'ono, ka msana wobiriwira ndi mimba yachikasu, mlomo waufupi, kamene kankakonda zitsamba zowirira za m'mbali mwa mtsinje, kakutolatola tizilombo. Thelma ndiye anabwera ndi nkhani ya kachitatu atachokera ku Boma kukatenga mankhwala. Galimoto inawafera panjira pa malo ouma a mitengo yaminga, ndipo podikira anaona kena ka mimba yoyera mbee.

"Mukunama achemwali, linali dzuwa limenelo," anatero Yunike.

"Ndinakaona ndi maso angawa! Koyera ngati yunifomu yangayi."

Anakangana mwezi wathunthu, kufikira tsiku limene Ambokile anawakweza pangolo n'kukawasiya pamalopo kuti mkangano uthe. Kanalipodi.

Kamene kanamuvutitsa Yunike kanali ka m'dambo, kamene kankabwera nthawi ya dzinja pa maluwa a zitsamba za m'malire a minda ya mpunga. Ukakaona pamthunzi kanali kakuda wamba, koma kakangotembenukira kudzuwa kankasanduka ngati waya wamkuwa wongosenda kumene, kenaka n'kuthwanima mofiirira, kenaka n'kuderanso. Ulusi wotero kusitolo kunalibe. Anayesa wakuda, kambalame n'kuoneka ngati khwangwala wakhanda. Anayesa wofiirira, n'kuoneka ngati kachidutswa ka njerwa. Anasoka n'kumasula, kusoka n'kumasula, mpaka nsalu inabooka. Potsiriza anaphunzira kupota pantchafu timaulusi tiwiri tosiyana, n'kumasoka mbali imodzi chopingasa, mbali ina choongoka, kuti munthu akapendeketsa nsalu mtundu usinthe. Sizinafanane kwenikweni ndi kambalame kamoyo, iye mwini ankadziwa, koma amalonda a ku Tanzania amene ankaoloka Songwe mozemba ankati akaona nsaluyo amafuula "chozi!", dzina la kambalameko m'Chiswahili, ndipo ankagula osanenerera.

Chaka china kambalame kotuwa, kopanda mtundu uliwonse wooneka, kanayamba kumanga chisa pa waya wa pawindo la kachipatala. Kankabwera ndi timaudzu, timasamba touma ndi ulusi wa kangaude womangira, mpaka panalendewera kathumba kokhala ndi khomo m'mbali. Thelma ankakayang'ana pakati pa odwala, ndipo anaona kuti kakuda ka pachifuwa pofiira kaja kankangotera pa nthambi yapafupi n'kumaimba.

"Achemwali, ndazindikira," anatero Lamulungu. "Totuwa tija timene mumati ndi mtundu wina, ndi akazi ake. Mkazi akumanga nyumba yekha, bambo atavala suti ali pa nthambi kuimba nyimbo."

"Ndiye kuti n'chimodzimodzi kulikonse," anayankha Yunike.

Ambokile, amene ankakonza goli chapafupi, anatsokomola n'kunyamula goli lake kukakonzera kukhola.

Thelma anali ndi kalendala yakale imene anapatsidwa ndi asisitere ena, ya zithunzi za mbalame za kunja. Tsamba limodzi linali la timbalame tofanana ndi choso, tina ta pakhosi pofiira ngati makala amoto, tina ta michira ngati timasupuni tiwiri, tonse titaima m'malere pamaso pa duwa, mapiko osaoneka chifukwa cha liwiro. Thelma anawerenga Chingerezi cha m'munsi n'kumasulira kuti timeneto n'ta ku Amerika kokha, mitundu yake yosawerengeka, tina ta m'nkhalango zamvula, tina ta pamwamba pa mapiri ozizira, ndipo timatha kuuluka chobwerera m'mbuyo. Anapempha kuti amusokereko kamodzi. Yunike anatenga tsambalo, anakhala nalo sabata zingapo, kenaka anakabweza.

"Nkhope yake ndaiona, koma sindikudziwa kamatera bwanji, kamatembenuza bwanji khosi. Ndikasoka kakhala kakufa."

M'malo mwake anamutenga pa ulendo wa ku Misuku, kwawo kwa mayi ake, kumene kunali ukwati wa mwana wa malume ake. Chinali chaka cha 1981. Anakwera lole yokatenga khofi, ndipo m'makhotakhota a m'mapiri namwino wa boma anasanza mpaka kulumbira kuti sadzakweranso galimoto moyo wake wonse. Koma atafika pamwamba, mphepo yozizira itamuomba kumaso, anaima n'kutambasula manja.

"Kuno ndi ku Ntcheu!" anafuula. "Mwandibisira chifukwa chiyani zaka zonsezi?"

M'mawa mwake, anthu ali kalikiliki ndi zophika za ukwati, amayi awiri akuluakuluwo anazemba ngati atsikana n'kukwera kumtunda. M'malire a munda wa khofi anapeza choso wamkulu kuposa onse a kuchigwa, wa mchira wautali ngati udzu wofolera, thupi lake ngati ndalama yachitsulo yakale imene yapukutidwa. Chapafupi ndi nkhalango yowirira, kumene mitengo yake imadontha madzi ngakhale kulibe mvula, anaona kena kobiriwira ka lamba wofiira pachifuwa, pamwamba pa lambayo pali kamzere kabuluu kopyapyala ngati kolemba ndi cholembera. Anakhala pa mwala wonyowa akuonerera timbalameto mpaka dzuwa linakwera. Pobwerera anapeza mkwati ndi mkwatibwi atalowa kale m'tchalitchi, malume akufunsa aliyense kumene kwalowera alendo a ku Iponga. Yunike ankati akamakumbukira moyo wake, m'mawa umenewo ndi umene sunali ndi chilema chilichonse.

Dora anakula ali pakati pa nyumba ziwirizo. Anali wanzeru kusukulu, ndipo Ambokile atayamba kulandira anthu odzafunsira mbeta, Thelma ndiye anaumirira kuti mwanayo apitirize mpaka akaphunzire zauphunzitsi. Anapitadi, anakhoza, ndipo boma linamutumiza kukaphunzitsa ku Dedza. Popeza ku Karonga kunali kutali, matchuthi aafupi ankakakhala ku Ntcheu kwa mchimwene wake wa Thelma. Kumeneko anakumana ndi Wallace, mwana wa m'nyumbamo, amenenso anali mphunzitsi. Nkhani ya ng'ombe za malowolo inatsala pang'ono kupasula zinthu, chifukwa akuchimuna sankaumvetsa mwambowo, koma Thelma anayenda pakati, kuno kumasulira, uko kupepesa, mpaka ukwati unachitika. Pa tsikulo amayi awiriwo anavina atagwirana m'chiuno.

"Tsopano ndife abale enieni," anatero Thelma. "Ngakhale mutanditopa, simungandichotse."

Dora ndi Wallace anapatsidwa sukulu imodzi, anabereka mwana wamkazi, kenaka wamwamuna. Zinthu zinayenda bwino kufikira 1989, pamene kunatuluka lamulo lakuti aphunzitsi onse abwerere kukaphunzitsa m'zigawo za kwawo. Zinkanenedwa kuti aphunzitsi a kumpoto saphunzitsa bwino ana a zigawo zina mwadala. Dora anatsika lole pamsewu wa ku Iponga ndi matiresi, mapoto ndi ana awiri, maso atatupa. Wallace anatsala chifukwa kwawo kunali m'chigawo chapakati. Anali atalonjeza kuti ayesetsa kupeza njira yoti akhalirenso pamodzi. Miyezi yoyamba ankatumiza moni ndi sopo kudzera mwa anthu apaulendo. Kenaka moni anayamba kuchepa. Chaka chisanathe bwino, kunamveka kuti m'nyumba ya aphunzitsi ija ku Dedza mwalowa mkazi wina.

Dora ankangopita kusukulu imene anamupatsa n'kubwerako, akuonda ngati wodwala. Yunike ndiye amene nkhaniyi inamudya m'kati. Akamuona mwana wake atakhala pakhonde maso ali kumsewu, mtima unkamuwira, ndipo posowa womukalipira, maganizo ake ankathera pa munthu mmodzi. Ndani anaumirira za sukulu? Ndani anamutumiza ku Ntcheu? Lamulungu Thelma akabwera, ankapeza mkeka sunayalidwe, Yunike akuti mutu ukumupweteka.

Tsiku la sikelo ya ana, Dora ali kuntchito, Yunike ananyamula mdzukulu wamng'ono kupita naye kukachipatala. Pakhonde panali podzaza amayi. Itafika nthawi yake, Thelma anatambasula manja mokondwa.

"Bwera kuno, mdzukulu wanga wa ku Ntcheu, tione ngati agogo akukudyetsa."

Yunike anamukumbatira mwanayo pachifuwa. Mawu anatuluka okha, m'Chichewa chomveka bwino chimene anachiphunzira kwa Thelma yemweyo.

"Musamutchule mdzukulu. Kwanu anamupirikitsa ngati galu, iye ndi mayi ake. Akuti ife ndife oipa, ana athu akuwononga ana anu. Nanga inu mukudikira chiyani kuno? Mpunga wathu ndiye wokoma, eni ake ayi? Bwererani kwanu inunso!"

Amayi ena anayang'ana pansi, ena anayamba kumanga ana kumsana kuti achoke, chifukwa masiku amenewo mawu otsutsa lamulo la boma ankatha kumutengera munthu kumalo kosabwerako, pamodzi ndi amene anawamva. Thelma anaima manja ali chitambasulire. Kenaka anawatsitsa, anatenga mwanayo mwaulemu, anamukoleka pa sikelo, n'kumubweza.

"Mwana akukula bwino, mayi," anatero ndi mawu otsika. "Wotsatira."

Ambokile atamva, anakhala pansi pomwe anali.

"Watipha, mkazi iwe. Ndipo wasankha kulasa munthu yekhayo amene sanatilakwire."

Mawu sagonera malo amodzi. Patapita masiku ochepa, wapampando wa chipani wa m'deralo anafika kukachipatala ndi anyamata ake kudzafunsa namwino zimene mayi uja ananena. Amene anali pamzere tsikulo ndi amene anadzafotokoza mmene zinathera. Akuti Thelma sanasiye n'komwe kutsuka zitsulo zake.

"Mayi aja amalankhula Chinkhonde, bambo," anatero. "Ine ndine wa ku Ntcheu, sindinamvepo kanthu. Ndinaganiza kuti akudandaula za kutalika kwa mzere."

Aliyense ankadziwa kuti Thelma ankalankhula Chinkhonde mpaka kuchitira miyambi, ndiponso kuti mawu aja sanali a Chinkhonde. Koma mwini wake atakana, amayi enanso onse anati sanamve, ndipo nkhani inafera pomwepo.

Yunike anazimva zonsezi. Anamvanso kwa Dora, amene sanaleke kupita kwa azakhali a mwamuna wake, kuti Thelma anali atayambana ndi mchimwene wake chifukwa cha Wallace, mpaka kumuuza kuti mwana wake wachititsa manyazi mtundu wonse. Akanangodzuka m'mawa umodzi n'kuyenda kamtunda kakafupi kaja, zikanatha. Ankafunadi kutero. Kangapo anaphika mbalagha, n'kuika m'mbale, n'kuvundikira, koma akaganiza zoima pakhomo paja ndi kuyang'anana naye m'maso, mbaleyo inkathera kwa adzukulu. Akanakhala kuti Thelma anamubwezera mawu, kupepesana kukanaphweka. Koma munthu amene wamutukwana pagulu n'kukupulumutsa, umayambira pati? Anati apita akatha kuokera mpunga. Atatha kuokera anati apita akakolola, kuti asapite chimanjamanja.

Mpunga usanache, Thelma anafika pa zaka zopumira ntchito. Dora anawauza mayi ake tsiku limene lole idzabwere. M'mawa wa tsikulo Yunike analawirira kumunda kukaingitsa mpheta, akudziuza kuti abwerako dzuwa lisanakwere, asambe, apite. Ali pakati pa munda, akukoka chingwe cha zitini, anamva lole ikulira kumsewu. Inaima kanthawi chapafupi ndi njira yolowera kwawo, injini ikulirabe, kenaka inanyamuka. Iye anangoima, madzi ali m'maondo, chingwe chili m'manja.

Madzulo Dora anamupatsa chitini chodzaza ndi ulusi.

"Azakhali asiya ichi. Akuti ndikuuzeni kuti chisa cha pawindo chili ndi mazira, mukawauze anesi atsopano asachigwetse posesa."

"Basi? Sananene china?"

"Anadikira panjira paja, amayi. Dalaivala ndiye anakakamira kuti azipita."

Yunike anapita m'mawa mwake kukanena za chisacho. Namwino watsopano, mtsikana wa ku Mulanje, anamuyang'ana modabwa, koma anavomera.

Yunike anasokabe kwa kanthawi, koma maso anayamba kuchita nkhungu. Poyamba chinkamuvuta ndi kulowetsa ulusi pa singano, kenaka analeka kusiyanitsa wobiriwira ndi wabuluu. Timbalame tikabwera m'nthochi ankatimva kulira, n'kumaona kanthu kakuda kakudumphadumpha, osadziwa kuti ndi kati. Chaka chotsatira Ambokile anadwala chifuwa n'kumwalira. Pa maliro anthu ankafunsa ngati anesi akale auzidwa, koma palibe amene anawatumizira uthenga.

M'chilala cha 1992 Wallace anatulukira ku Iponga kudzaona ana ake, wamanyazi, chipewa chili m'manja. Dora anamulandira ngati mlendo wamba. Yunike sanafune n'komwe kumupatsa moni, koma mwamunayo anadzagwada patali n'kunena kuti pali uthenga.

"Azakhali anagwa kumunda miyezi yapitayo, amayi. Anafa ziwalo mbali imodzi. Pakamwa sipatulukanso mawu."

Yunike anali asanapitirirepo Mzuzu chibadwire. Sabata yomweyo anamanga mpunga wochepa umene anapulumutsa m'chilalacho, anakwera basi yekha, akufunsa anthu kuti amuwerengere zikwangwani. Anafika ku Ntcheu tsiku lachiwiri, mapazi atatupa, ndipo mayi wina wogulitsa mbatata anamulondolera mpaka pakhomo.

Anamupeza Thelma atagonekedwa pamphasa pansi pa mtengo wa pichesi. Mayi wamtali uja anali atatha, tsitsi lonse loyera, mlomo utakhotera kumodzi. Amene ankamusamalira anali mdzukulu wake wina, mayi wachitsikana dzina lake Emma. Yunike anagwada pamphasapo.

"Achemwali, ndine. Ndine Yunike wa ku Iponga."

Maso a Thelma anatembenuka pang'onopang'ono n'kukhala pa nkhope yake. Yunike anali atakonza mawu ambiri m'basi, koma onse anabalalika. Anayamba m'Chichewa, n'kulowa m'Chinkhonde osazindikira. Ananena kuti analakwa, kuti mawu aja sanali oyenera iye, kuti lole ija anaimva ndipo miyendo inamukanika, kuti Ambokile anapita, kuti Dora ali bwino ndipo ana akukula. Analankhula mpaka mawu anasasa. Dzanja lamoyo la Thelma linafufuza pamphasa, linapeza dzanja lake, n'kuligwira mwamphamvu. M'diso limodzi munatsika msozi.

Yunike anatembenukira kwa Emma nkhope ikuwala.

"Andimva! Mwaona? Andizindikira."

Emma anazengereza, koma anali munthu wosadziwa kunama.

"Mwina atero, agogo. Kungoti dzanjalo amagwira aliyense wokhala pafupi. Diso limenelonso limatuluka madzi nthawi zonse chigwereni."

Yunike anakhalako mpaka mpunga uja unatha. M'mawa uliwonse ankamusambitsa, kumudzoza mafuta, kumutembenuza kuti asachite zilonda, ndi kumumwetsa phala ndi kasupuni, monga mmene Thelma mwini anaphunzitsira amayi a ku Iponga kusamalira odwala awo. Tsiku lililonse ankamuyang'anitsitsa kumaso kufuna chizindikiro. Nthawi zina ankaona ngati mlomo uja ukufuna kumwetulira, nthawi zina maso ankangopyola pa iye ngati akuyang'ana khoma. Tsiku lonyamuka anamutsanzika katatu konse, akumafika pa mpanda n'kubwereranso.

Thelma anamwalira mvula itayamba. Uthenga unamveka pa wailesi ya mnansi, pa mauthenga a maliro a masana, ndipo pamene unkafika kwa Yunike mwambo unali mawa lake, ulendo wake wosatheka. Anakhala m'nyumba masiku a chisoni monga amachitira pa m'bale, ndipo amayi a Umanyano anabwera kudzakhala naye, kuphatikizapo ena amene anali pakhonde la sikelo tsiku lija. Palibe anaitchula nkhaniyo.

Anakhala zaka zina zingapo m'nyumba ya Dora, amene sanakwatiwenso ndipo anadzakhala mphunzitsi wamkulu pasukulu yake. Adzukulu ankamutsogolera kutchalitchi atamugwira dzanja. Alendo akabwera, makamaka amene anagwirapo ntchito m'zipatala, ankawakokera pambali n'kuwafunsa ngati munthu wakufa ziwalo, wosalankhula, amamva zimene anthu akunena. Ena ankati amamva zonse, ena ankati zimatengera. Iye ankagwedeza mutu, n'kuthokoza, ndipo mlendo wina akabwera ankafunsanso.